Kopa kapena pulasitiki? Musanagule mapaipi a madzi a m'nyumba mwanu taimani kaye

Sabata yathayi alamu anga anandiimbira foni usiku ndithu, ati nyumba yawo ija yafika poti alowetse madzi, malata akhoma kale, abiluda akungodikira kuti ayambe pulasitala, nde ali ndi makotesheni awiri m'manja mutu waima. Pulambala wina walemba kopa nyumba yonse, winayo walemba mapaipi obiriwira aja a PPR, mitengo kusiyana kwake ngati akunena nyumba ziwiri. Ati alamu, inu mwakhala mu zimenezi zaka zambiri, tangondiuzani chabwino ndi chiti ndikagule mawa.

Ine ndinawauza kuti musanandifunse za paipi ndiuzeni kaye giza muika yamtundu wanji, madzi anu akuchokera kuti, komanso paipiyo idutsa pati. Anaseka ati mwayambatu kuzungulira ngati wandale pa msonkhano. Koma sikuzungulira ayi. Nyumba imodzi yomweyo ili ndi malo amene kuikapo kopa ndi kungotaya ndalama, ilinso ndi malo amene kuikapo pulasitiki ndi kudziputira mavuto, nde munthu akamakuuzani kuti mtundu umodzi ukwana paliponse dziwani kuti mwina ndi umene iyeyo amautha, kapena ndi umene wadzadza mu shopu mwake.

Tiyambe ndi kusiya kunena kuti pulasitiki ngati ndi chinthu chimodzi. Mukalowa mu hadiweya ku Limbe kapena ku Malangalanga mupeza mitundu ingapo ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake. Pali PVC, ija timalumikiza ndi guluu, imeneyi ndi ya madzi ozizira basi, malire ake ndi madigiri 60 ndipo isanafike n'komwe pamenepo imakhala yayamba kale kufooka. PVC yonso ili pawiri, ina ndi ya pulesha imene imalembedwa class 6, 10, 12 kapena 16, nambalayo ndi mabaa, muyezo wa pulesha, amene ingapirire madzi ali ozizira, ina ndi yotayira madzi akusinki ndi akuchimbudzi, ya 50mm ndi 110mm ija, imeneyo siyoti muikemo madzi a pampopi olo pang'ono. Ndinaonapo wina atakoka madzi kuchokera pa mita ndi paipi yodutsitsira mawaya a magetsi kkkk ati inali yotchipa, sinathe mwezi.

Ndiye pali HDPE, yakuda ija imabwera yokulungidwa mamita 50 kapena 100. Imeneyi ndi ya panja ndi pansi pa nthaka, kuchokera pa mita kufika panyumba, kapena kuchokera pa mjigo kukwera ku thanki. Ubwino wake mtunda wonsewo mutha kuyenda opanda joini pakati, ndipo kukuda kwakeko si kukongoletsa, muli kaboni amene amaiteteza ku dzuwa. Pali PPR, yobiriwira kawirikawiri, imabwera mamita 4, imalumikizidwa pootcha ndi makina mpaka paipi ndi elibo kusanduka chinthu chimodzi. Pali ofiirira aja timangowatchula kuti IPS, amene timawadula mazinga ngati mapaipi achitsulo aja a GI n'kumanga ndi thread tape. CPVC ndi PEX ziliponso ndipo zonse zimapirira madzi otentha, koma musanasankhe zimenezi yendani kaye muone ngati mafiting'i ake akupezeka mutauni mwanu, chifukwa tsiku lina mudzafuna elibo imodzi yokha Lamlungu masana.

Za GI sindichedwapo. Nyumba zakale zambiri zili ndi GI ndipo amene anamasulapo paipi ya zaka 30 akudziwa, mkati mumakhala dzimbiri lokhalokha kabowo kotsala sikalowa olo cholembera, madzi ofiira m'mawa. Kuika GI yatsopano m'khoma lero ine sindikuonapo chifukwa, kupatula pa mpopi wa panja umene ana amaukoka ndi kukolekapo ndowa.

Tsopano kopa. Kopa ndi wabwino, tisanamizane. Saopa dzuwa, saopa madzi owira, khoswe samutafuna, ndi woonda nde khoma simuligumula kwambiri, ndipo madzi akakhala abwino amatha zaka 50 ndi kupitirira osadandaula. Ma size a m'nyumba ndi 15mm ndi 22mm, pena 28mm. Wambiri amene timamuona kuno amatsata miyezo ya ku South Africa, paipi imodzi mamita 5.5, ndipo ali ndi ma class. Class 0 ndi wopyapyala komanso wouma, ameneyu sapindidwa, mumangodula n'kuika mafiting'i owotcherera. Class 1 ndi 2 ndi wokhuthalirapo. Izi mufunse musanalipire chifukwa kotesheni yongolemba kuti kopa 15mm siyinanene zonse. Apulambala ambiri amene anagwirako ntchito ku Joni amakakamira kopa chifukwa ndi zimene manja awo anazolowera kumeneko, sikuti akukunamizani, koma thumba ndi lanu.

Vuto lake ndi mtengo. Zoseketsa n'zakuti kopa amakumbidwa pafupi pompa, Kitwe, Chingola, Mufulira uko ku Zambia, koma mtengo wake umatsata msika wa ku London ndipo ndi wa madola. Mu 2021 unapyola madola 10,000 pa tani, mu 2024 unapyolanso. Onjezani kwacha yathu imene inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, muona chifukwa chake kotesheni ya kopa ya mwezi watha lero siikugwiranso. Mapaipi a pulasitiki nawonso amakwera ndi dola inde, koma amayambira pansi. Vuto lachiwiri ndi mbava. Kopa ali ndi msika kwa ogula zitsulo zakale, nyumba imene sinayambe kugonedwa ili ndi kopa woonekera panja ndiye kuti mwaitana alendo, amabwera ndi sowo usiku umodzi n'kudula zonse mpaka mipopi ya brass. PPR palibe amene angalumphire mpanda.

Ndiye funso loyamba lija, giza. Apa ndi pamene ndimachedwa kwambiri ndi makasitomala chifukwa ndi pamene anthu amapsa, pena kupsa kwenikweni.

Ngati simuika madzi otentha, shawa yanu ndi yozizira kapena mumatenthetsa pa mbaula n'kutengera ku bafa mu ndowa, nkhani yatha, kopa simukumufuna. PPR kapena IPS m'nyumba, HDPE panja, ndalama yotsalayo gulani mipopi yabwino.

Ngati muika giza ya magetsi, ili ndi thermostat imene imadula magetsi madzi akafika pa madigiri amene mwatchera, ambiri timatchera 60. PPR ya PN20 kapena PN25 imapirira zimenezo bwinobwino, PN-yo ndi nambala ya pulesha yolembedwa pa paipi ngati class ya PVC ija. Ya PN10 ndi ya madzi ozizira, isalowe pa laini yotentha olo wogulitsa alumbire. Komabe ngakhale pa giza ya magetsi ine pafupifupi mita imodzi yoyamba potuluka ndimaika kopa, kenako n'kusinthira ku PPR. Chifukwa chake n'chakuti thermostat imafa, ndipo ikafa ili yoyaka madzi amangotenthabe. Tsiku limenelo chimene chimakupulumutsani ndi valavu yachitetezo ija ili pa gizayo, imatseguka n'kulavula madzi owira, nde paipi yotulutsira madzi amenewo panja iyenera kukhala yachitsulo, kopa, yotsetsereka, yosatsekedwa kumapeto, yolozera malo amene mwana sangaimepo. Ndinakapezapo nyumba ina valavu imeneyi ataitseka ndi pulagi ati imadontha imanyowetsa khoma. Ndinathimitsa giza nthawi yomweyo ndisanakhale n'komwe pansi.

Tsono giza ya sola, imene ambiri akuika masiku ano pothawa mabilu ndi kuthimathima kwa magetsi, imeneyo ndi nyama ina. Dzuwa lilibe thermostat. Magiza a machubu a galasi aja mwezi wa October nonse mwapita kumudzi kumaliro masiku atatu palibe akutsegula mpopi, madzi amawira ndithu mpaka nthunzi kutuluka padenga. Apa paipi ikumenyedwa mbali ziwiri, mkati madzi owira kunja dzuwa. PPR ya padenga yosakutidwa imayamba kutuwa, kenako imachita ngati ufa pamwamba mukaikanda ndi chala, kenako ming'alu. PVC ndiye musayese n'komwe, imalendewera ngati chingwe choyanikira zovala. Pa sola ine ndimati kopa kuchokera pa thanki ya giza mpaka paipi italowa mu siling'i, muikute bwino kuti kutentha kusamathawe, ndipo ngati thumba likulola ikani valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanalowe mu PPR. Valavu imeneyi imateteza paipi komanso khungu la ana ndi agogo amene amangotsegula mpopi osayesa.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa, pulasitiki imatalika ikatentha, ndipo osati pang'ono. PPR wamba imatalika 0.15mm pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Tiyerekeze laini ya mamita 10 mu siling'i, madzi achoka pa 20 kufika pa 60, yatalika masentimita 6. Kopa pa mtunda womwewo ndi mamilimita 7 okha. Nde mukaipanikiza ndi makilipu mbali zonse osaisiyira poti ipumire, imapindika ngati njoka kapena imakoka majoini a mazinga mpaka kuyamba kudontha. Pali PPR ina yokhala ndi faiba pakati, mukaidula mumaona mzere wamtundu wina mkati mwa khoma lake, imeneyo imatalika pang'ono, ndi yabwino pa laini yaitali yotentha.

Funso lachiwiri, madzi. Apa ndi pamene kopa amagonja nthawi zina, ndipo anthu sakhulupirira chifukwa m'mutu mwathu chitsulo ndiye cholimba. Madzi okhala ndi asidi, pH yotsika kupyola 6.5, amadya kopa pang'onopang'ono kuchokera mkati. Chizindikiro chake ndi madontho obiriwira ngati a buluu mu sinki kapena pa matailosi pansi pa mpopi, madzi a m'mawa kumveka kachitsulo m'kamwa, ndipo pakapita zaka timabowo ngati ta singano, khoma kumangonyowa osadziwa pachokera. Madzi a Water Board amakhala atakonzedwa ndipo amayezedwa, koma ngati muli pa mjigo wanu kapena chitsime chokumba pamanja, yezetsani kaye musanagule kopa wa nyumba yonse. Botolo limodzi loyera kupita nalo ku labu, akuuzeni pH ndi mchere, ndalama yake siifika olo mtengo wa mapaipi ochepa. Kuchigwa kwa Shire, Chikwawa ndi Nsanje, mijigo yambiri madzi ake ndi amchere mpaka kumveka pa lilime, kumeneko ine zitsulo ndimazichepetsa mmene ndingathere. Pulasitiki siichita dzimbiri, zimenezi siziikhudza.

Madzi ena ndi aja sopo sachita thovu, ketulo imayera mkati ngati mwathiramo laimu. Amenewo kopa samudya kwenikweni koma amaunjika zoyerazo mu giza, pa element ndi mu shawa. Paipi iliyonse imene mungasankhe giza muzidzaitsukabe.

Ena amafunsa ngati madzi a mu pulasitiki ndi abwino kumwa. Paipi imene inapangidwira madzi akumwa ndi yabwino, vuto ndi zija zosadziwika kochokera, zopangidwa ndi zinyalala zosungunula, mukainunkhiza ikumveka ngati tayala lopsa. Kwa kopa chimene muyenera kuyang'anira ndi waya wowotcherera. Ukhale wopanda mtovu, umene pachizungu amati lead. Ku America analetsa wa mtovu pa mapaipi a madzi akumwa mu 1986, koma kuno pulambala akasowa amatha kukatenga waya wa okonza mawailesi ndi ma TV, umene nthawi zambiri uli ndi mtovu, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana. Muuzeni akuonetseni chimene akuwotcherera. Akamaliza atsuke laini bwinobwino, mafuta aja amapaka asanawotche akatsalira mkati nawonso amadya paipi.

Funso lachitatu, paipi idutsa pati. Kuchokera pa mita kubwera kwanu ndi udindo wanu, dontho lililonse lotayika pamenepo mita yawerenga kale. Pansi pa nthaka ikani HDPE, kumbani mozama masentimita 50 kapena 60, osati kungokanda pamwamba, chifukwa dzinja likafika wina adzalima chimanga pamenepo ndipo khasu silidziwa kuti pali paipi. Chotsani miyala yakuthwa, yalani mchenga pansi ndi pamwamba, pamene padutsa galimoto ilowetseni mu paipi ina yaikulu. Kopa pansi pa nthaka ndi kukwirira ndalama.

M'khoma PPR ndimaikonda chifukwa joini yootcha bwino siimasuka. IPS m'khoma ndimaikayikira pang'ono, osati paipiyo koma mazinga, joini iliyonse ya mazinga ndi malo amene tsiku lina angadonthe, nde ndimakonda ikhale poonekera. Kopa m'khoma amakhala, koma akulungidwe asakhudzane ndi simenti mwachindunji, makamaka wa madzi otentha amene amafuna kuyenda pang'ono. Ndipo chonde mafiting'i omanga ndi sipanala aja, a kopa kapena a HDPE, asakwiriridwe mu pulasitala.

Mu siling'i muli makoswe. PPR yokhuthala saivutitsa kawirikawiri koma mapaipi ofewa amawatafuna, nde ngati kwanu makoswe amathamanga usiku ngati ali pa mpikisano ganizirani zimenezo. Kopa mu siling'i vuto lake ndi tsiku lowotcherera, moto uli pafupi ndi matabwa ouma, pakhale ndowa ya madzi pambali ndipo pulambala asachoke atangomaliza, ayambe waona kuti palibe pakufuka utsi.

Panja pa khoma poomba dzuwa, kapena pokwera ku thanki, HDPE yakuda. Ngati mwaika PPR kapena PVC ipakeni penti kapena ikuteni. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amene alamu anaonera amachedwa pa nkhani ya mapaipi kuphulika madzi akaundana ndi chisanu, zimenezo ndi za anzathu a ku Britain ndi ku America, olo ku Johannesburg zimachitika mu June ndi July, kwathu kuno mdani ndi dzuwa.

Pali nkhani ya size imene imapweteketsa anthu ambiri a mathanki. Nambala yolembedwa pa paipi ndi kukula kwa kunja. Kopa wa 15mm khoma lake ndi lopyapyala, bowo lake ndi pafupifupi 14mm. PPR ya 20mm PN20 khoma lake ndi 3.4mm mbali iliyonse, bowo latsala 13.2mm. Mwaona eti, 20 ya PPR ndi yofanana ndi 15 ya kopa. Ya 25mm bowo lake ndi 16.6mm, ya 32mm ndi 21.2mm, imeneyi ndiye ikufanana ndi kopa wa 22mm. Ndiye wina amaona 20 n'kumati ndi yaikulu, n'kuyendetsa nyumba yonse ya mabafa atatu pa 20mm. Tsono pulesha ya thanki imachokera ku kutalika basi, mamita 10 ndiye baa imodzi. Thanki ili pa sitandi ya mamita 5, shawa ili pa mamita 2, mwatsala ndi mamita atatu okha okankha madzi. Wina akatsegula kusinki wa mu shawa amangoima ndi sopo kumaso. Pa thanki tsikani ndi 32mm kapena 40mm, gawani ndi 25mm, 20mm ikhale yomalizira pa mpopi. Chepetsani ma elibo, iliyonse imadya pulesha.

Mbali inayo ndi pulesha yochuluka. M'mizinda ya mapiri ngati Blantyre, kumene madzi amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire kukwera mtunda wonse uja, kapena Zomba kumene amatsika kuchokera ku Mulunguzi pamwamba pa phiri, nyumba ya kumunsi ndi ya kumtunda sizilandira mofanana, ndipo usiku anthu akagona pulesha imakwera. Komanso kulikonse kumene madzi amasiya n'kubweranso, amabwera ndi mpweya, mumamva mipopi ikutsokomola mapaipi kugunda m'khoma. Kugunda kumeneko kumapeza joini yofooka, kaya ya kopa kaya ya pulasitiki. Valavu yochepetsa pulesha pambuyo pa mita imathandiza, ndipo giza yambiri imafuna ikhalepo, onani nambala yolembedwa pa gizayo, 400 kPa kapena 600 kPa, ndiye kuti mabaa 4 kapena 6, valavu igwirizane nayo.

Mukasakaniza mitundu samalani polumikizira. Kopa ndi PPR zimakumana pa fiting'i ya PPR yokhala ndi mazinga a brass, ndipo muyambe mwawotcherera kopayo azizire musanamange, apo ayi moto usungunula pulasitiki. Kopa ndi GI zisakhudzane mwachindunji, zikakumana m'madzi GI imadyeka msanga pa joini pomwepo, pakati pakhale brass kapena pulasitiki. Amene mukukonza nyumba yakale, kuchotsa GI kuika pulasitiki, itanani wa magetsi aone earth. Nyumba zina zakale waya wa earth anaumangirira pa paipi ya madzi, mukadula n'kuika pulasitiki pakati mwadula chitetezo osadziwa, tsiku lina mpopi wa shawa udzakugwirani.

Koma kunena zoona, pa ntchito zonse zimene ndaitanidwa kukagumula khoma, zambiri vuto silinali mtundu wa paipi, anali manja. Ine ndemwe ndikuyamba PPR ndinaotcha joini ya 20mm nthawi yaitali poganiza kuti ndiye igwira kwambiri, pulasitiki inasungunukira mkati n'kutseka bowo, kunja ikuoneka bwinobwino, matailosi ataikidwa mpopi wa kubafa ukungodontha ngati misozi. Ndinagumula ndi ndalama yanga. Makina aja amafika madigiri 260, ya 20mm imafuna masekondi 5 okha, ya 25mm 7, ya 32mm 8, mukachotsa mukankhe molunjika osapotokola, mugwire pang'ono izizire. Ndiye vuto la kwathu, magetsi akathima pulambala wafika kale pa saiti ndipo akufuna ndalama ya tsikulo, ena amatenthetsa mutu wa makinawo pa makala. Musalole. Palibe amene angayeze 260 ndi maso. Bwerekani jenereta kapena adikire. Chimodzimodzi aja amaotcha kumapeto kwa PVC pa moto wa mapepala kuti apange soketi, pa laini ya pulesha gulani soketi yeniyeni, siidula.

Pogula werengani paipiyo. Yeniyeni imalembedwa m'mbali mwake dzina la kampani, size, kukhuthala kwa khoma ndi PN kapena class. Yopanda cholembedwa isiyeni. Yang'anani kumapeto kwake, khoma likhale lofanana kuzungulira konse, osati mbali ina yonenepa ina yoonda. Inyamuleni muyerekeze ndi inzake, yopepuka kwambiri pali chimene anachepetsa. Ine shopu ina inandigulitsapo yolembedwa PN20 koma nditayeza khoma silinafike, ndiye kuyambira pamenepo ndimayenda ndi choyezera m'thumba. Mapaipi amene akhala padzuwa panja pa shopu mpaka kutuwa musatenge olo akuchotsereni mtengo. Paipi ndi mafiting'i zikhale za kampani imodzi ngati n'kotheka. Ndipo kumbukirani kuti pulasitiki inalakwitsapo anthu, ku America kuyambira 1978 mpaka 1995 nyumba zambirimbiri zinaikidwa mtundu wina wotchedwa polybutylene umene unayamba kusweka mkati chifukwa cha klorini wa m'madzi, mpaka nkhani inakathera ku khoti. Si PPR imeneyo, koma ndi chifukwa chake sindithamangira chilichonse chatsopano chimene chabwera mu kontena.

Poyerekeza makotesheni musangoona mtengo wa paipi. Werengani mafiting'i, mavalavu, zokutira, ndi leba, chifukwa wowotcherera kopa waluso amatchaja mokwera ndipo ndi ochepa. Mufunseni pulambala akuonetseni joini imodzi pamaso panu, ya PPR muidule pakati muone ngati bowo lili lotseguka, ya kopa muone ngati waya wazungulira mwaukhondo osati kuunjikana ngati phula. Amene akudziwa ntchito sakwiya nazo. Uzaninso aike valavu yotsekera pa bafa lililonse ndi kukhitchini, kuti tsiku lokonza mpopi umodzi nyumba yonse isakhale yopanda madzi.

Chomaliza chimene sindinyengerera, kuyesa pulesha pulasitala asanayambe. Tsekani potulukira ponse ndi mapulagi, dzadzani madzi, tulutsani mpweya, popani ndi pampu yoyesera kufika kamodzi ndi theka ka pulesha imene laini izidzagwira, kenako yang'anani geji. PPR imatsika pang'ono poyamba chifukwa imafutukuka, mumapopanso, koma ikamangotsikabe pali podontha. Ngati pampu palibe, lumikizani ku mita kapena ku thanki musiye usiku wonse, m'mawa yendani ndi tishu joini iliyonse. Mukatero jambulani makoma onse ndi foni, tepi yoyezera ili pambali, zithunzizo mudzitumizire pa WhatsApp kapena pa imelo zisasowe. Tsiku lokhoma galasi la kubafa mudzazifuna, msomali umaboola kopa ndi PPR mofanana.

Alamu aja atayankha mafunso anga zinapezeka kuti madzi ndi a Water Board koma aikanso thanki ya malita 5,000 pa sitandi, giza ndi ya sola, ndipo nyumbayo ikhala miyezi ingapo ndi mlonda yekha asanasamukiremo. Nde tinalemba kotesheni yachitatu patebulo pawo. HDPE kuchokera pa mita mpaka ku thanki, PPR ya 32mm kutsika, 25mm kugawa, PN20 ku laini yotentha, kopa wa 22mm padenga ndi pa valavu yachitetezo basi, ndipo kopayo ndi giza yake ziikidwe sabata yosamukira osati pano. Apulambala awiri aja tatenga wa PPR, kopa ndikawotcherera ndekha. Loweruka ndikupita ndi pampu, ndawauza kale kuti abiluda asakhudze khoma la kubafa olo atati simenti ikuuma, ndipo nkhuku yanga ya lokolo ikhale itaphikidwa.